Pamene pamera katope

Bambo anga atatisiya, abale anagawana zimene munthu wosauka amasiya: jekete la kutchalitchi, wailesi, njinga yopanda mabuleki ndi makasu awiri. Ine ndinapempha chingwe. Azakhali anandiyang'ana ngati mutu wanga sukuyenda bwino, poti chingwecho n'chakuda bii ndi thukuta la zaka zambiri, ndipo mbuzi yanyonga ikhoza kuchidula pongokoka kamodzi. N'cha khonje, chachitali ndithu, chokhala ndi mfundo kuyambira uku mpaka uko. Tsiku lina ndinachiyala pabwalo n'kuchiyeza ndi tepi ya atelala. Kuchoka pa mfundo imodzi kufika pa inzake pali mafiti 9, kupatula pamalo amodzi pamene chinaduka n'kulumikizidwa ndi waya.

Chingwe chimenechi ndicho chinachititsa kuti ine, mwana wa anthu a ku Dedza, ndibadwire ku Mzuzu, ndizilankhula Chichewa m'nyumba ndi Chitumbuka kumsika. Bambo anabwera kumpoto ali mnyamata kudzagwira ntchito yobzala paini ku Chikangawa. Boma linayamba kubzala nkhalango ya pa Viphya mwamphamvu mu 1964, maso ali pa fakitale ya mapepala imene ankati imangidwa kunyanja, cha ku Chintheche. Anabzala mahekitala pafupifupi 53,000. Fakitale ija sinabwere, koma paini anakulabe, poti mtengo sudziwa kuti amene anaubzala asintha maganizo.

Ankakonda kundifotokozera kagwiridwe kake. Anthu awiri ankagwira chingwe uku ndi uku, n'kuchikoka mpaka chiti nga, n'kukhoma zikhomo. Enawo aliyense ankaima pa mfundo yake ndi khasu. Kapitawo akaliza wezulo, makasu onse pansi. Akalizanso, chingwe chinkasuntha mafiti 9 kutsogolo. Tsiku lonse choncho, m'chifunga chija cha pa Viphya choti mnzako wa pa mfundo yachitatu sukumuona, zala zitauma gwa ndi chisanu. "Ukaima pakati pa paini wathu," ankatero, "kulikonse kumene ungapenye kuli msewu. Kutsogolo msewu, kumbali msewu, chopingasa msewu. Umadziwiratu kuti pano panadutsa anthu."

Pambuyo pake anasamukira m'tauni muno n'kumagwira ntchito m'nazale ndi m'mayadi a anthu: kuthira dothi m'machubu, kudulira mipanda ya maluwa, kutchetcha kapinga. Ena ankawaitana galadeniboyi ngakhale imvi zitachita mbuu, dzina limene mpaka lero ndikalimva mtima umawawa. Lamulungu tikaweruka kutchalitchi sankalola njira yachidule. Tinkazungulira m'misewu ya kumayadi, iwo patsogolo ine pambuyo nsapato zili kumanja, akuloza ndi ndodo. "Uwu ndi wobzala. Uwu ndi wosiya." Poyamba sindinkamva. Kwa ine mtengo unali mtengo basi, umangomera monga umerera udzu. Iwo ankati m'tauni mulibe mtengo waukulu umene uli pamalo pake mwangozi. Jakaranda, bulugamu ndi paini, imeneyo wina anaitenga ku nazale, anayeza, anakumba dzenje. Msuku, mombo ndi mkuyu inalipo kale, koma tsiku lolambula msewu kapena poloti wina anaimika mnyamata wa nkhwangwa n'kunena kuti uwo ulekeni. Pa anthu awiriwa, bambo ankalemekeza kwambiri wosiyayo. Ankati wobzala amayamikiridwa, pena amajambulidwa chithunzi, koma wosiya palibe amamudziwa, ndipo mwina anakangana ndi abwana ake kuti mtengowo ukhale.

Mzinda wathuwu ndi mwana. Alipo agogo amoyo lero amene anabadwa tauni ya Mzuzu kulibe. Blantyre inayamba ndi mishoni mu 1876, Zomba inakula chifukwa cha boma la atsamunda, koma Mzuzu inayamba ndi munda. Cha m'ma 1947 anayamba kutsegula minda ya tung, mtengo wochokera ku China umene njere zake amayenga mafuta opangira penti ndi vanishi. Ntchitoyo inayendetsedwa ndi bungwe la ku Britain la Colonial Development Corporation, limene pambuyo pake linasintha dzina kukhala Commonwealth Development Corporation. Ndiye kuti anthu oyamba kuganiza za maonekedwe a malo ano anali anthu a chingwe ndi zikhomo, monga bambo anga. Malonda a tung sanakhalitse, chifukwa mafakitale akunja anapeza zinthu zina zopangira penti. Mtengo unagwa, mitengo inatsala. Misewu, nyumba za mabwana ndi malaini a antchito zinatsalanso, ndipo likulu la chigawo cha kumpoto litachoka ku Mzimba kubwera kuno, malo a esiteti anasanduka tauni. Mu 1985 Mzuzu inalandira ulemu wa mzinda, ndipo kalembera wa 2018 anapezamo anthu 221,272. Akuluakulu ena amati dzina lenilenilo linachokera ku vizuzu, zomera za m'mbali mwa mtsinje wa Lunyangwa zimene azungu analephera kutchula. Ine nkhani imeneyi imandikomera, chifukwa ikutanthauza kuti mzinda wonsewu ukuitanidwa ndi dzina la kanthu komera m'madzi, komwe lero tikuthirapo zinyalala ndi dothi.

Sindikufuna kunamiza munthu kuti kale zonse zinali bwino. Pulani ya atsamunda inali yokongola, koma inali ndi tsankho. Mtunda wouma, wopita mphepo yabwino, unali wa nyumba zazikulu zokhala ndi mabwalo oti mwana n'kutopa kuthamanga. Bwalo la gofu linapeza malo. Antchito anapanikizidwa m'malaini, ndipo amene anabwera pambuyo kudzasaka maganyu anadzipezera okha pokhala, kunja kwa mapu. Mawu oti kumayadi tinawatengera kumeneko, ndipo mpaka lero mthunzi m'mizinda yathu umatsata ndalama. Yendani masana a Okutobala kuchoka ku Kaning'ina kapena ku Chimaliro n'kutsikira ku Chibavi, ku Masasa kapena ku Ching'ambo, khungu lanu likuuzani lokha pamene mitengo yathera. Wa sakaramento, njinga ya kabaza, amene amakupalasani amadziwa misewu ya mthunzi yonse pamtima, ngakhale kumene amagona kulibe ndi umodzi womwe.

Luso lokonza malo lili ndi mbiri yake, ndipo Malawi ali momwemo. Ku Zomba, Alexander Whyte anatsegula munda woyeserera zomera mu 1891, pansi pa ulamuliro wa Harry Johnston, ndipo mundawo ulipobe m'mbali mwa mtsinje wa Mulunguzi. Ku England, Ebenezer Howard anabwera ndi ganizo mu 1898 lakuti tauni izikhala ngati munda, nyumba zitalikirane, ndipo kunja kwake kuzungulire malo obiriwira osamangapo. Tauni yoyamba ya mtundu umenewu, Letchworth, inayambika mu 1903. Ganizo lomwelo linafika ku Lilongwe pomanga likulu latsopano, limene boma linasamukirako mu 1975. N'chifukwa chake pakati pa Old Town ndi City Centre pali nkhalango yotsata mtsinje wa Lingadzi. Mlendo amayesa kuti ndalama zomangira zinathera panjira, osadziwa kuti tchire limenelo linajambulidwa dala papepala. Ngakhale Central Park ya ku New York, imene pazithunzi imaoneka ngati chilengedwe chimene mzinda unachilambalala, inachita kupangidwa ndi manja potsata pulani ya Frederick Law Olmsted ndi Calvert Vaux ya mu 1858. Nyanja zake anachita kukumba, mitengo anachita kubzala. Ndipo kuti malowo apezeke anasamutsa anthu, kuphatikizapo mudzi wa Seneca Village umene ambiri mwa eni ake anali anthu akuda. Nditawerenga zimenezi ndinakumbukira malaini athu. Kukongola kwa malo kawirikawiri kumakhala ndi wina amene anakulipirira osafunsidwa.

Komatu pulani sinabwere ndi sitima. Pamene ndinkapita kumudzi ku Dedza patchuthi, ndinkakhala m'malo okonzedwa bwino kuposa dera limene ndikukhala lero, ngakhale panalibe pepala. Nyumba zinali pamtunda. Bwalo linali pansi pa kachere, pamene nkhani zimakambidwa ndi pamene gule amavinidwa. Nkhokwe inali poonekera kuchokera pakhomo, khola linali kumene mphepo imapita nalo fungo. Kumanda kunali nkhalango yowirira imene munthu sangalowemo ndi nkhwangwa, ndipo lero mukamayenda pa M1 kudutsa chigawo chapakati, timagulu ta mitengo yachilengedwe timene mumaona pakati pa minda yoti see ndi manda. Akufa asunga mitengo imene amoyo tinalephera. Kumunsi kunali dambo: madimba a mpiru ndi nzimbe, chitsime, msipu wa ng'ombe m'chilimwe, bango la mphasa, dongo la mbiya. Dambo linali la ntchito zambiri, koma palibe amene ankamangamo nyumba. Munthu akanayerekeza, anthu akanafunsa ngati ali bwinobwino.

Ndimaganiza kuti china chimene chinatidanitsa ndi mawu oti pulani ndi mmene anatifikira. Agogo ankasimba za malimidwe a m'zaka za m'ma 1950, pamene alangizi a boma la atsamunda ankakakamiza anthu kuunda migula, wokana n'kumulipitsa kapena kumutsekera. Nzeru yoteteza nthaka inali yoona, koma inabwera ndi chikoti, ndiye anthu anadana ndi zonse ziwiri. Mpaka lero munthu wa mapu akafika m'dera, amayi amayamba kunong'onezana kuti abwera kudzagwetsa.

Tsono ndinene za ine mwini, poti n'kosavuta kuloza ena chala.

Mu Okutobala 2014, ine ndi bambo a kunyumba tinapeza poloti. Tinali titatopa ndi lendi, ndipo kupeza malo ovomerezeka kumafuna ndalama ndi kudikira kumene ife tinalibe. Munthu wina amene ankati malowo ndi a makolo ake anatitchulira mtengo wotsika ndi theka poyerekeza ndi kumtunda. Malowo anali otsetsereka pang'ono, kumunsi kwake kuli kamtsinje koti mwana n'kudumpha. Dzuwa linali likuswa mtengo, kwina konse udzu utauma, koma pamenepo panali pobiriwira. Ife tinati ndi mwayi, tidzalima ndiwo. Titapereka theka, tinakatenga bambo kuti akaone, makamaka pofuna kuti atiyamikire.

Anayenda malo onse osalankhula. Anabaya ndodo pansi, inalowa mosavuta, inatuluka ndi dothi lakuda lonanda. Anawerama pa timaenje tina m'mbali mwa senjere n'kundiitana ndi dzanja. "Ukuwadziwa eni timaenje iti? Ndi nkhanu." Kenaka anakaima pa chitsa chachikulu chimene chinali chitayamba kuphukira timasamba tofiirira. Unali katope, umene kwathu ena amati nyowe, mtengo uja wa zipatso zakuda zimene zimadetsa lilime la ana. Anavula chipewa n'kutembenukira kwa mwamuna wanga.

"Akamwini, ndalama mwapereka kale?"

"Theka lokha, bambo."

"Nanga mwini malo mwaonana naye?"

"Eya, ndi amene tinalemberana nawo kalata aja."

"Iyayi, sindikunena ameneyo. Mwini malo ano ndi madzi. Panopa wangopita kokayenda."

Mwamuna wanga anaseka mwaulemu, manja ali kumbuyo. Anati tidzathira dothi, tidzakweza maziko, masiku ano kuli simenti yolimba. Bambo anangofunsa kuti, "Inu mukakweza, madziwo adzapita kwa yani?" Atazindikira kuti sitibwerera m'mbuyo, anapempha chinthu chimodzi: nyumba ikhale kumtunda kwenikweni kwa poloti, ndipo kumunsi, kuyambira pa chitsa mpaka kumtsinje, tisakhudzeko. Tinamvera theka. Nyumba yathu tinaiika kumtunda. Koma malo otsalawo ankatiyabwa m'maso. Tinazunguliza mpanda wa njerwa mpaka kumtsinje, n'kumanga kanyumba ka zipinda ziwiri kumunsiko kuti tizilandira lendi. Mawu anga enieni, ndikuwakumbuka, anali oti sitingasiye malo akungokhala.

Mu Epulo 2016 mvula inagwa masiku otsatizana osapuma. Anthu a ku Mzuzu mvula sitiiopa, tinazolowera kuyanika zovala m'nyumba, koma imeneyo inali ina. Usiku wina tinamva kugogoda. Anali mtsikana amene ankachita lendi m'kanyumba kaja, mwana ali kumsana, chitenje chili chonyowa mpaka m'chiuno, kumanja atanyamula chikwama cha mapepala a sikelo basi. Anati, "Amama, madzi alowa." Tinatuluka ndi tochi. Mpanda wathu uja unali utasanduka damu. Madzi ochokera kumtunda konse, m'madenga a malata ndi m'tinjira, anafika pa khoma n'kusowa kolowera, ndipo anali ndengundengu, mbaula ndi zidebe zikuyandama, nkhuku zili pamwamba pa mulu wa njerwa. Tikuyang'ana choncho, khoma linapendekeka pang'onopang'ono ngati munthu woledzera, kenaka gubudu! Linagwera kanyumba kaja, madzi onse n'kukhuthukira kwa anansi a kumunsi.

Kutacha, m'chipinda mmene mwana uja ankagona munali njerwa ndi matope ofika m'mawondo. Chimbudzi cha anansi chinali chitasefukira m'dimba. Ndinatola patapata wa mwana, wa phazi limodzi, wosadziwika mwini, ndipo ndinaima naye nthawi yaitali. Ife tinataya khoma ndi kanyumba. Mumzinda wonse anthu 7 anamwalira ndipo pafupifupi 19,000 anasowa pokhala, ambiri n'kukagona m'misasa. Bambo anabwera tsiku lachitatu pa sakaramento, buluku atalipinda. Ndinkadikira kuti anene kuti ndinakuuzani. Sananene. Anapepesa mtsikana uja, anapita kukapepesa anansi a kumunsi m'malo mwathu, kenaka anakaima pa chitsa chija, chimene chinali chili pomwepo, matope atachikuta, timasamba take tili moyo.

Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa, ndipo ndinkayesa kuti ndi mwambi wonena za khalidwe la munthu. Ndi nkhani ya madzi enieni. Mzuzu inakhala pa timitunda ndi tizigwa tambirimbiri, ndipo chigwa chilichonse chili ndi dambo lake. Dambo limagwira ntchito ngati chinkhupule. Mvula ikagwa limamwa, udzu ndi bango zimachedwetsa madzi, mizu ya katope imagwira gombe, kenaka m'chilimwe limatulutsa pang'onopang'ono, n'chifukwa chake zitsime za kumunsi siziphwa msanga. Tikafolera mtunda wonse ndi malata, n'kuwaka simenti pabwalo poopa matope, madzi amene akanalowa pansi amathamanga onse nthawi imodzi. Akafika kudambo amapeza tadula mitengo yowotchera njerwa, takumba nkhuti, tathira dothi, tamanga makoma. Aliyense amakankhira madzi kwa mnzake wa kumunsi, ndipo wa kumunsi kwenikweni amakhala wosaukitsitsa. Ngakhale madzi a m'mipopi yathu nkhani yake ndi yomweyo: damu la Lunyangwa limadalira nkhalango ya Kaning'ina. Thumba lililonse la makala lotsika kumeneko usiku limabwera ndi dothi lake m'damu, ndipo ndikunena izi mbaula yanga ili pakhonde.

Mawu amene ndimawaopa tsopano ndi aja ndinanena ndekha, oti malo akungokhala. Timawanena poona dambo, poona bwalo limene ana amasewerapo mpira wachikulunga, poona kankhalango pakati pa nyumba. Diso lathu linaphunzira kuti chitukuko ndi njerwa, ndipo pamene palibe njerwa ndiye kuti palibe mwini. Chonsecho malo ambiri otere ali ndi ntchito, ndipo ena anachita kusiyidwa ndi munthu amene anaganiza, kaya ndi wojambula mapu, kaya ndi mfumu ya kale. Malamulo alipo. Tinali ndi lamulo la mapulani a matauni ndi midzi la 1988, ndipo mu 2016 kunabwera Physical Planning Act. Koma lamulo limakhala m'kabati, pamene wogulitsa malo amakhala pamalo pomwepo ndi chikwanje ndi bolopeni. Sindingaweruze mayi amene wamanga m'dambo chifukwa chosowa kolowera. Ine ndinali nako kolowera, ndinangofuna ndalama ya lendi.

Kusunga nyumba yakale anthu timakumvetsa. Mandala House ya mu 1882 ku Blantyre, kapena Stone House ya mu 1903 ku Livingstonia, aliyense amavomereza kuti ndi mbiri, ana asukulu amapitako ndi makope. Koma msewu wa mitengo, bwalo la mudzi, dambo losiyidwa dala, zimenezi sitiziwerengera m'gulu la zinthu zakale zofunika kusunga, chonsecho zina n'zakale kuposa nyumba zimene zaimapo. Vuto lake n'lakuti nyumba ukhoza kuikhoma loko n'kuchoka, pamene malo obzalidwa ndi amoyo. Mtengo umakalamba, umagwa, umafuna wina woti abzale wolowa m'malo pa mzere womwewo. Mpanda wa maluwa ukapanda kuduliridwa chaka chimodzi umasanduka tchire, ndipo tchire limaitana wogula. Kuno ku Mzuzu tili ndi munda wa zomera, umodzi mwa itatu imene ili pansi pa bungwe la National Herbarium and Botanic Gardens lokhazikitsidwa mu 1987, inayo ili ku Zomba ndi ku Lilongwe. Ndafunsapo anzanga akuntchito, obadwira konkuno, ndipo ambiri sanapondeko. Chinthu chimene anthu sachidziwa sangachilirire chikamatha.

Kubzala ndiye timabzala. Tsiku lobzala mitengo linayamba pa 21 Januwale 1976, ndipo masiku ano ndi nyengo yathunthu, kuyambira pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo. Chaka chilichonse timaona akuluakulu atavala magambutsi atsopano, akuthirira kambande ndi kheni yopakidwa penti. Bambo ankaonera zimenezi pa TV ya anansi n'kumapukusa mutu. Ankafunsa kuti adzapalire ndani mu Febuluwale, adzalambule ndani moto usanafike mu Seputembala, ndipo ankadabwa kuona bulugamu akubzalidwa m'mbali mwa chitsime, mtengo womwa madzi ngati ng'ombe. Kwa iwo funso loyamba silinali loti mitengo ingati, koma mtengo uti, pati, chifukwa chiyani. Nzeru imeneyo inali m'mitu ya anthu a m'nazale, ndipo akupita mmodzimmodzi popanda wowafunsa. Ku Luwinga kuli Mzuzu University, kumene achinyamata amaphunzira za nkhalango ndi za malo. Ndimalakalaka atatenga makope n'kukakhala pansi ndi madala otsalawo, n'kuyenda nawo msewu ndi msewu, kulemba kuti uwu ndi wobzala, uwu ndi wosiya, apa panali chitsime, apa madzi amadutsa. Ine ndinachedwa. Ndinkayesa kuti bambo adzakhalapo nthawi zonse.

Ulendo wathu womaliza limodzi unali wa kumaliro ku Dedza. Basi itakwera Viphya, anapempha mnyamata wina kuti asinthane mpando, akhale kuwindo. Anali asanadutseko zaka zingapo. Mapiri ambiri amene ankawadziwa ali bii ndi paini anali mbee, moto utadutsa, macheka atadutsa. Matabwa ake tonse tinawaona akutsika pa malole, ndipo makungwa otsala pocheka, zigwagwa, anafika pochuluka mpaka kupereka dzina ku msika wa m'tauni muno. Ndinkayembekeza kuti adandaule. Anakhala chete mtunda wautali, chipumi chili pagalasi. Kenaka anandikoka dzanja. "Taona zitsa." Ndinayang'ana. Paphiri lopserera lija, zitsa zakuda zinali ndondondo m'mizere, kutsogolo mzere, kumbali mzere, chopingasa mzere. "Sitinaphonye," anatero, n'kubwezera chipewa kumaso.

Khoma lija sitinalimangenso. Njerwa zimene zinapulumuka tinamangira khitchini kumtunda. Chitsa cha katope chinaphuka nthambi zinayi, tinasiyapo ziwiri, ndipo pano zapitirira denga la khitchini. Disembala wapitayu ndinatola njere zake zimene zinamera zokha pansi, ndinaziika m'machubu a shuga, ndipo zitakula pang'ono ndinatulutsa chingwe chija. Mwana wanga wamkazi anagwira mbali imodzi, ine mbali inayo, tinachikoka motsata kamtsinje. Iye ankafuna kudziwa chifukwa chake sitikungobzala paliponse. Ndinamuuza kuti aime pa mfundo, asiye mafunso. Tinabzala mitengo 11, mbuzi za eni zadya itatu.

Tikugwira ntchitoyo, bambo wina amene wagula malo kutsidya kwa kamtsinje anabwera kudzapereka moni. Ndi munthu waulemu, wochokera kuchigawo chakumwera, wangosamutsidwa kumene pantchito. Anayang'ana kumunsi kwa poloti yathu, senjere ndi bango zili wirire, n'kunena kuti, "Mayi, malo onsewa mukungowasiya? Apatu pakhoza kukwana nyumba ziwiri za lendi." Ndinawauza za 2016, za khoma, za mwana uja. Anamvetsera bwino, anapepesa, kenaka anati iwo athira dothi lambiri ndipo maziko awo akhala okwera.

Loweruka lapitali lole yoyamba ya dothi inafika. Inatsika bwinobwino mpaka pamene udzu umayamba kubiriwira, kenaka matayala akumbuyo analowa mpaka theka. Anyamata anathamangira zigwagwa zoti aike pansi pa matayala, dalaivala akuponda moto, matope akuda akuuluka mpaka pa zovala zimene ndinayanika. Dzuwa limalowa lole ikadali pomwepo, ndipo m'maenje amene matayala anakumba munali mutayamba kale kudzaza madzi.